Pali Munthu Wina Kuno

Maganga, Salima
12 Meyi 2025

Victor mlongo wanga,

Ife kuno tilipo, kaya iwe ku Lilongweko. Ndikufunsa chonchi chifukwa foni yako yasanduka ya bwana, ndikaimba imangolira mpaka kutopa yokha. Ndiye ndati basi, ine ndine mphunzitsi, cholembera sichindivuta. Kalatayi ndapatsira a Idi, aja amabwera ndi usipa kumsika kwanuko Lachinayi lililonse. Ikanunkha nsomba usakwinye mphuno, unakulira zomwezo.

Nkhani ndi ya mlamu wako Zuleka, mkazi wa mng'ono wako Martin. Ukukumbukira za chaka chatha, mmene anapitira padera, magazi aja, ife titayamba kale kulira. Ulendo uno Mulungu watiyang'ananso, ndipo miyezi yapita ndithu. Kusikelo akupita. Koma pakhomo ponse tikuyenda monyang'ama. Amayi ake abwera kuchokera kunyanja kudzakhala naye, ndipo alamula kuti nkhaniyi isatuluke pakamwa pa munthu. Akuti yoyamba ija anthu anaimanga chifukwa inamveka msanga. Ine za kumangazo sindizikhulupirira, koma ungatsutse bwanji mayi amene anatsala pang'ono kuika mwana wake m'manda?

Ndiye Zuleka ngakhale kwa ine sanena kuti "ine". Dzana wandifunsa kuti, "Alamu, kodi munthu wina akamalakalaka dothi la pachulu, n'koipa?" Akufunsa choncho dothilo lili mbuu pamlomo. Ndinaseka mpaka misozi, iye n'kuthawira kukhitchini.

Utumize zitenje ziwiri zatsopano ndi beseni. Pepala lakuda ndi lezala zokachirira kuchipatala ndagula kale. Martin apita ku Chinguluwe kukamweta mpunga, azigona konko, ndipo ine mwezi wamawa ndili ku Chitala kuyang'anira mayeso.

Komanso tandiuze, ntchito yakoyo kwenikweni ndi yotani? Pa Khirisimasi unamulembetsa Zuleka ku zija za m'foni, zimene kuno azitcha Anamwino a m'Foni. Lolemba lililonse amamuimbira, iye n'kukhala mwaulemu pamphasa ngati akulankhula ndi apongozi. Anthu akandifunsa ndimangoti mlongo wanga ndi wa makompyuta, n'kusintha nkhani.

Ndine mlongo wako,
Joyce

*

Lilongwe
21 Meyi 2025

Achemwali,

Kalata yanu ndalandira, fungo lake lomwe. Ndakondwa kumva kuti nonse muli bwino. Zitenje ndi beseni ndapatsira a Idi. Za foni mundikhululukire, tikakhala m'chipinda choyeserera mafoni timasiya panja.

Mwafunsa za ntchito, ndiye khalani pansi aphunzitsi, lero ndikuphunzitseni ine. Anamwino a m'Foniwo si munthu ayi. Ndi makina amene amamva Chichewa n'kumayankha. Paokha sangachite kanthu, ndiye tinawapatsa zida, monga mmene mumapatsira waganyu khasu, chikwakwa ndi nkhwangwa. Chida china n'chopereka malangizo. China n'chokumbutsa tsiku la sikelo. China n'chochotsa munthu m'kaundula. Chachikulu n'chotumiza njinga yamoto ya ambulasi kuti ikatenge mayi pakhomo.

Vuto ndi lakuti waganyu ameneyu zidazo sazionapo. Amangowerenga mawu ochepa amene talemba pa chida chilichonse, onena kuti ichi uzichigwira pakachitika zakutizakuti. Tikalemba bwino, amagwira chida choyenera. Tikalemba mosasamala, amakalima ndi nkhwangwa. Ine ntchito yanga ndi kuona ngati mawuwo akumutsogolera bwino. Ndimawerenga zimene anakambirana ndi amayi, mayina atafufutidwa, n'kumachonga kuti apa wakhoza, apa walakwa. Akalakwa kawirikawiri sindimukalipira iye, ndimakonza mawu athu. Mwaona? Nanenso ndine mphunzitsi, kungoti mwana wanga sajomba ndipo sapempha kupita kokataya madzi.

Ndikuuzeni chimene chandikweza pamaso pa mabwana. Poyamba pa chida cha njinga panalembedwa kuti itumizidwe pakamveka za ngozi. Eee, anthu athu! Mwezi umodzi wokha njinga inakatenga bambo woledzera, mnyamata wothyoka mwendo ku mpira, ndi mayi wina amene atafika oyendetsa anapeza kuti wodwalayo ndi matumba a mpunga. Aliyense ankati ndi mnansi wake wadwala. Mafuta anatha, ndipo mayi wina wodwaladi anadikira tsiku lonse. Ndiye ine ndinalembanso mawuwo. Tsopano akuti: njinga itumizidwe pokhapokha mayi wolembetsedwa akanena yekha za thupi lake. Za mnansi, za m'bale, za munthu wina, apatsidwe malangizo basi. Chilembereni, palibe njinga yapita pachabe.

Choncho mlamu wanga musamudere nkhawa. Ali m'kaundula, ndinamulemba ndekha. Angoimba, njinga ili pakhomo. Nkhani ya dothi ija yandiseketsa, ndawauzako anzanga kuntchito.

Mupereke moni kwa Martin ndi kwa amayi ake a Zuleka.

Wanu,
Victor

*

Maganga
16 Juni 2025

Alamu,

Salaamu aleikumu. Ndikhulupirira Mulungu akukusungani bwino pa ntchito yanu. Ife kuno tadzuka, alihamudulillahi, kungoti kukuzizira ndipo mwera wayamba.

Ndati ndithokoze zitenje ndi beseni. Chitenje chobiriwira chija amayi akuti n'chokongola kwambiri, achisunga m'sutikesi. Mulungu akudalitseni pamene mwachotsapo.

Alamu a Joyce ali ku Chitala. Bambo a kunyumba kuno akadali ku Chinguluwe, akuti mpunga wachita bwino chaka chino. Tatsala awiri ndi amayi.

Mundikhululukire alamu, pali kanthu kena ndimati ndifunse, popeza Anamwino a m'Foni aja ndi a kuntchito kwanu. Pali munthu wina kuno. Mutu ukumuwawa masiku ano, wosamva mankhwala. Nkhope ndi manja zatupa, moti mphete yakana kuvuka. Akaimirira akuona tinyenyezi m'maso. Amayi akuti si kanthu, akuti zimatero mwana akakhala wamkulu.

Lero Anamwino ataimba ndinawafotokozera za munthuyo. Anayankha bwino ndithu, mwaulemu. Anati munthuyo apite kuchipatala msanga. Ndinafunsa ngati njinga ija ingabwere kudzamutenga, chifukwa kuyenda sangathe ndipo pakabaza akuopa chizungulire. Anati njinga si ya munthu wina. Ndiye ndinathokoza n'kudula.

Mwina inuyo mukudziwa mmene munthu angapemphere bwino. Ine sukulu ndinalekezera panjira, mwina sindinalankhule moyenera. Kukuimbirani ndinayesa kamodzi, koma ndikudziwa mumatanganidwa. Munthuyo tsiku lake la sikelo lili kumapeto kwa mwezi. Inshaala afika.

Musadandaule nazo kwambiri. Kalatayi ndikasiya kwa a Idi.

Ine mlamu wanu,
Zuleka

*

Lilongwe
24 Juni 2025

Achemwali,

Muli bwanji kumeneko? Mwangoti zii. A Idi sindinawaone milungu iwiri tsopano, anzawo kumsika akuti mwera wakanika, asodzi sakulowa m'madzi, ndiye alibe chobweretsa. Kalatayi ndapatsira dalaivala wa minibasi, akuti aisiya pagolosale ya pa Kamuzu Road. Mayeso a ku Chitala atha? Martin wapeza matumba angati? Mundisungireko wa kilombero, wa kuno ndi mphale yokhayokha.

Ine mawa ndi tsiku langa lalikulu. Kukubwera alendo amene amapereka thandizo, ndipo mabwana asankha ine kuti ndionetse mmene mawu a pa zida zathu akugwirira ntchito. Ngati zikhala bwino, ntchitoyi ifalikira maboma ena, ndipo mlongo wanu sadzakhalanso waganyu. Suti ndabwereka kwa mnzanga, mikono yake ndi yaitali koma ndizipinda manja.

Ndasankha zitsanzo zingapo zoti ndikaonetse. Chimodzi ndachichonga dzulo lomweli, n'chochokera chakwanuko, ngakhale dzina ndi mudzi sitiona. Mayi wina anayamba ndi mawu aja ndinakuuzani, akuti, "Pali munthu wina kuno." Akuti munthuyo mutu ukumuwawa, watupa mpaka mphete yakana kuvuka, akuona tinyenyezi. Kenaka, monga mwa nthawi zonse, n'kupempha njinga. Kale ikanapita. Koma mwana wanga wa sukulu, makina aja, anawerenga mawu anga, n'kuona kuti wodwalayo si mwini foni. Anapereka malangizo abwino, kuti munthuyo athamangire kuchipatala, njinga n'kuisunga. Mayiyo anaimbanso Lachisanu ndi nkhani yomweyo, iye osagwedezeka. Ndinachonga ndi mtima wonse, achemwali. Mawu atatu anayi olembedwa bwino amaposa kalasi yonse ya anamwino.

Ndikudziwa mukuti ndayamba matama. Ndilekeni ndidzitame kamodzi, ndavutika nayo ntchito imeneyi.

Mlamu wanga ali bwanji? Ndinaona kuti anandiimbira sabata yatha, ndikhulupirira amafuna kuthokoza zitenje. Mumuuze kuti asavutike, ndidzamuimbira zikatha za alendozi.

Wanu,
Victor

*

Maganga
3 Julaye 2025

Victor,

Ndikhulupirira unafika bwino. Kuno tilipo, mmene angakhalire anthu pakhomo pamene pachoka maliro. Mwana akuyamwa mkaka wa m'chitini, agogo ake ndiwo akugona naye. Ndi kamtsikana kakang'ono koma kolimba. Martin sakudya.

Masiku awiri amene unali kuno sitinalankhule bwino, anthu anali ambiri. Unafika Lachinayi n'kupeza tinaika kale, ndipo ndinaona kuti zinakuwawa. Usawaimbe mlandu abale ake. Kwawo maliro sagona, ndipo Lachitatu lija ndinakuimbira mpaka foni kutentha m'manja.

Unandifunsa mmene zinayendera, ine n'kungolira. Ndikuuze tsopano. Lachitatu m'mawa Zuleka anagwa pakhonde akupeta mpunga, n'kuyamba kuphupha, thovu kukamwa. Amayi ake anakuwa. Anthu anamunyamula pangolo ya ng'ombe mpaka pamsewu, kenaka pagalimoto ya matola. Kuchipatala anayesetsa, Victor, ndisaname. Mwana anamutulutsa wamoyo. Adokotala anandiuza kuti magazi ake anali atathamanga kwa masiku ambiri, ndipo akanabwera sabata yapitayo bwenzi tikunena zina. Ine pochoka ku Chitala ndinapeza atamufunditsa kale. Chitenje chake chinali chobiriwira chija.

Pamaliro unaima pafupi ndi nkhokwe n'kundifunsa motsitsa mawu kuti, "Nanga bwanji sanaimbe foni? Njinga inalipo." Nanenso ndinkadzifunsa zomwezo. Ndinamukwiyira ngakhale malemuyo mumtima, Mulungu andikhululukire.

Dzulo mwana wa sukulu wandibweretsera kalata yako ya pa 24 Juni, imene inagona pagolosale masiku onsewa. Ndinaiwerenga nditakhala pakhonde lomwelo. Nditafika pa mphete, ndinabwereza mzerewo kawiri. Victor, amayi amene anasambitsa thupi anachita kuitanitsa pulayala kuti adule mphete ya Martin pa chala chake.

Ndinapita kwa amayi ake n'kuwafunsa. Zuleka analankhula nawo Anamwinowo, mlongo wanga. Kawiri konse. Amayiwo anali pamphasa pomwepo, ndipo ndi iwo ankamukodola kuti asadzitchule, poti sudziwa amene akumvetsera m'mafonimu. Pondiuza zimenezi amadzimenya pachifuwa, akuti ndapha mwana wanga ndi pakamwa panga. Sindinawauze za kalata yako. Ndinangowagwira dzanja.

Sindikulembera kuti ndikulase. Nanenso ndili ndi gawo langa. Ndine ndinakuuza nkhani ya dothi ija ngati nthabwala, ndipo kalata yako yonena za mnansi ndi munthu wina ndinaiwerenga n'kuseka za matumba a mpunga, osalumikiza. Ndinapita ku Chitala mtima uli m'malo chifukwa unati njinga ili pakhomo. Koma pali chinthu chimodzi chikundisowetsa tulo, ndipo undiyankhe poti ndiwe unalemba mawuwo. Makina akowo ankadziwa kuti foniyo ndi ya mayi woyembekezera, wa miyezi yotha, amene anapitapo padera. Mzamba aliyense wa kuno, mtsikana akamuuza kuti pali munthu wina, amamuyang'ana kumapazi n'kunena kuti, "Munthuyo tamubweretsa pafupi ndimuone." Nanga iwowo sakanangofunsa kuti, "Mayi, kodi munthuyo si inu?"

Kapena Zuleka akanakana, sindikudziwa. Koma sanafunsidwe.

Martin sakudziwa chilichonse cha izi. Kalata yako ndaibisa m'buku la masamu.

Joyce

*

Lilongwe
11 Julaye 2025

Achemwali,

Kalata yanu a Idi andipatsa dzulo. Anandipatsa ziwiri. Inayo akuti inali m'thumba la jekete yawo chiyambire mwera, ndipo apepesa kwambiri. Ndi ya Zuleka, ya pa 16 Juni. Ndinaiwerengera pamsika pomwepo, pakati pa madengu a usipa, mpaka mayi wina anandipatsa mpando.

Akuti mwina sanalankhule moyenera chifukwa sukulu analekezera panjira. Akundipempha ine kuti ndimuphunzitse kapemphedwe.

Mwafunsa chifukwa chimene makinawo sanafunsire. Yankho ndi lalifupi. Sindinalembe kuti azifunsa. Ndinalemba za amene ayenera kulandira njinga ndi amene sayenera, basi. Poyesa mawuwo ndinkapeka ndekha amayi odwala, ndipo amayi anga onse ankalankhula ngati ine: ndikutaya magazi, thandizeni. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anali ndi manyazi, kapena amayi ake pambali. Ndipo achemwali, kalata ya Zuleka ikanafika nthawi yake, kodi ine ndikanamva? Ndadzifunsa usiku ndi usana. Mwina ndikanamuyankha kuti auze munthuyo apite kuchipatala.

Lachitatu lija, nthawi imene inu munkandiimbira, mawu a Zuleka tinali tikuwaonetsa pakhoma, alendo akuwerenga. Anaomba m'manja.

Lero m'mawa ndawauza mabwana zonse. Anandipepesa, ena analira. Ndalemba mawu atsopano, akuti mayi wolembetsedwa akanena za munthu wina, afunsidwe mofatsa, ndipo zizindikiro zikakhala zoopsa njinga ipite ngakhale akane. Akuti ndi mawu abwino, koma sangalowe lero. Ayenera kuyesedwa kaye, kuonetsetsa kuti mafuta sathanso, ndipo alendo aja avomereze, poti chimene anaombera m'manja ndi chakale chija. Mwina mwezi wamawa. Ndinapempha kuti chitsanzo chija tichisinthe, tilembe kuti makina analakwa. Mnzanga amene timachonga naye anati sitingatero, chifukwa molingana ndi mawu amene analipo tsiku limenelo, anakhoza. Ndipo akunena zoona. Mpaka pano pali chichongo changa.

Ndikufuna kubwera pa sadaka ya masiku makumi anayi, ndidzamuuze Martin ndekha. Kapena ndisamuuze? Ndiuzeni inu, ine nzeru zandithera. Ndapatsira a Idi zitini za mkaka.

Victor

*

Maganga
28 Julaye 2025

Achimwene,

Moni. Ndikhulupirira muli bwino. Ine kulemba sindinazolowere, mundikhululukire zolakwika.

Mkaka unafika, zikomo. Mwana akukula. Tamutcha Triza, agogo ake akumutcha dzina lina lakwawo, ndawasiya. Mpunga wanu wa kilombero ndasunga thumba limodzi, mudzatenga pa sadaka. Achemwali akuti muli ndi mawu oti mudzandiuze. Mudzanena mukadzabwera, ine ndilipo.

Chimene ndalembera ndi foni ya mayi a Triza. Ndimaisunga ine. Anamwino a kuntchito kwanu aja sanasiye kuimba. Lolemba lililonse m'mawa imalira. Sabata yoyamba sindinayankhe. Yachiwiri ndinayankha, ndipo anati, "Mayi Zuleka, mwadzuka bwanji? Masiku ayandikira, kodi beseni ndi zitenje mwakonza?" Ndinadula. Agogo ake a mwana anamva, tsiku limenelo sanadye.

Lero aimbanso. Ndinalimba mtima n'kuwauza kuti ine ndine mwamuna wake, Zuleka anamwalira mwezi watha, chonde musaimbenso. Anapepesa bwino kwambiri, achimwene, kuposa anthu ena amene anabwera pamaliro. Anandiuza kuti ndizidya, ndizicheza ndi abale. Ndiye ndinati zikomo, tsopano mumuchotse m'kaundula wanuyo. Anati zimenezo sangachite pomvera munthu wina. Akuti mayi wolembetsedwayo anene yekha.

Ndinabwereza kuti munthuyo kulibe, tinaika. Anapepesanso, n'kunena kuti akakhala pafupi ndimupatse foni.

Achemwali akuti ndingochotsa kakhadi n'kukataya m'chimbudzi. Ndalephera. Muli zithunzi zake ndi nambala yake, ndipo mwana adzafuna kuona.

Inu ndi amene mumadziwa kalankhulidwe ka zinthu zimenezi. Ine mwina sindikupempha moyenera. Tandilemberani mawu oti ndikawauze Lolemba likubwerali, ndidzawerenga monga mmene mwalembera.

Mng'ono wanu,
Martin